Oda Sadzaimirira

Mapepala apinki anafika Lolemba m'mawa, limodzi ndi keke.

Kirra Vella anali atakhalitsa m'zisudzo za pa kanema, ndipo ankadziwa kuti alembi akasintha sewero amabweretsa masamba atsopano pa pepala la mtundu wina. Ankadziwanso kuti akabwera ndi keke ndiye kuti wina zimuonekera. Anaimika njinga yake ya olumala kumapeto kwa tebulo lalitali, pamalo ake a nthawi zonse pamene sankaikapo mpando, n'kuyamba kuvundukula masambawo. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo dzuwa la mumzinda wa Adelaide linkachita kuliza malata a nyumba yojambuliramo, imene kale inali fakitale ya mafiriji.

Kwa zaka zitatu Kirra ankasewera ngati Oda Marr, injiniya wamkulu wa chombo choyenda pakati pa nyenyezi. Oda anali mkazi wapakamwa, wodziwa ntchito yake, woyenda pa njinga ngati Kirra mwini wake, ndipo aliyense woonera ankadziwa kuti iye ndi kaputeni wa chombocho amafunana. Koma kufunanako kunalibe kothera. Milomo ikangoyandikana, belu la ngozi linkalira. Mwina adani aukira, mwina mpweya ukutha, mwina wina walowa osagogoda. Kaputeni yemweyo anali atapsompsonapo mkazi wa khungu lobiriwira, mkazi wa maso anayi, ngakhalenso mkazi wina amene pambuyo pake anapezeka kuti ndi makina. Kwa onsewo belu linkakhala chete. Linkadikira Oda.

Fergus Nankervis, mkulu wa alembi, anaimirira n'kugogoda kapu ndi supuni. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula mofatsa, wa mtundu uja umakukhumudwitsa kenako n'kumadikira kuti uthokoze.

"Anzanga, chaka chino tikumupatsa Oda chimene wakhala akudikira," anatero. "Tsegulani tsamba 41. Oda aimirira."

Kirra anawerenga. Chombo chitera pa dziko lina kumene kuli dziwe la madzi owala. Zolengedwa zakumeneko zimuviika Oda m'dziwemo, msana wake ulumikizika, atuluka akuyenda madzi ali chuchuchu, apita kwa kaputeni, ndipo apsompsonana. Belu silinalembedwe paliponse.

Anthu anaomba m'manja. Mayi wosoka zovala anadzambatuka misozi ili mbwembwembwe, n'kudzamukumbatira Kirra cha m'khosi. Wina anamuikira chidutswa chachikulu cha keke pamiyendo, ngati kuti ndi iyeyo amene wachira. Anthuwa sanali oipa mtima, ndipo chimenecho ndiye chinkamupsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu amene akukulirira mwachikondi sudziwa pomugwira. Amene sanaombe m'manja anali Sefa Leota yekha, chimphona cha mtundu wa Chisamowa chimene chinkasewera ngati kaputeni. Iye anangoti maso pa mbale yake.

Kuwerenga kutatha, Kirra anamutsatira Fergus ku ofesi n'kukankha chitseko ndi chigongono.

"Ndili ndi funso limodzi lokha, Fergus. Bwanji osapsompsonana Oda ali chikhalire?"

Fergus anazungulira kwambiri. Anati oonera amafuna chiyembekezo. Anati sewerolo likuchitika zaka chikwi m'tsogolo, ndiye kodi mpaka nthawi imeneyo madokotala adzakhala akulepherabe kulumikiza msana? Anati akuluakulu a wailesi ya kanema anafunsapo magulu a oonera, ndipo onse anati Oda amamulemekeza kwabasi, amawalimbitsa mtima, koma nkhani ikafika pa zachikondi ena amasowa poyang'ana. Kirra sanamuthandize ndi liwu ngakhale limodzi. Anangomuyang'ana mpaka mawu okongola onse anamuthera, chenicheni n'kutuluka.

"Komanso taganiza. Sefa wamtali choncho, iwe uli pansi. Manja aika pati?"

"Mukamufunse mwamuna wanga," anatero Kirra. "Ana awiri ali kunyumbawo sitinawagule ku sitolo."

Fergus anafiira mpaka m'makutu, n'kuthawira ku nkhani ya makina. Anafotokoza kuti zonse anakonza kale. Adzamumanga malamba m'chiuno ndi m'chifuwa n'kumukweza ndi zingwe, miyendo yake adzaikulunga nsalu yobiriwira kuti kompyuta iifufute, ndipo m'malo mwake adzaikamo miyendo ya mtsikana wina wovina dzina lake Shae. Chimene ankapempha kwa Kirra chinali chaching'ono. Angomufotokozera Shae mmene ankayendera kale, ngozi isanachitike, kuti mayendedwewo aoneke ake.

"Ngozi iti?"

Kirra sanadikire yankho.

"Ndinabadwa chonchi, Fergus. Sindinayendepo ngakhale tsiku limodzi. Zaka zitatu tikudyera limodzi, ndipo mukundibwezera chinthu chimene sindinatayepo."

Anapepesa, ndipo kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima, koma sikunasunthe kalikonse. Anati nkhani ya Oda ndi kaputeni singapitirire kupondaponda pamodzimodzi chaka chachinayi. Ngati Kirra sakufuna tsamba 41, alembi ali ndi njira ina, ndipo idzabwera pa mapepala achikasu: Oda adzafera m'moto wa m'chipinda cha injini akupulumutsa anzake. Anabwereza kawiri kuti sakumuopseza. Anangopempha kuti yankho limupeze pofika Lachisanu.

Madzulo a tsikulo Kirra anamufotokozera mwamuna wake Dermot, amene ankaotcha masoseji kuseri kwa nyumba akadali m'zovala zake za upulambala. Dermot anatukwana Fergus, makolo a Fergus ndi dziwe la madzi owala lomwe, kenako anatembenuza masoseji n'kunena kuti chilichonse chimene Kirra asankhe iye ali pambuyo pake. Yankho lotere limamveka bwino, koma katundu yense limamusiya pamutu pako.

Ndipo Kirra ankaopa, tisabise. Asanapeze Oda anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyankha mafoni pa kampani ina ya inshuwalansi. Mbali za m'masewero zimene ankamuitanira nthawi imeneyo ankazidziwa pamtima: wodwala wogona pa bedi, mboni yolira m'khoti, mlongo wake wa munthu wofunika amene ntchito yake ndi kuonetsa kuti munthu wofunikayo ndi wachifundo. Oda anali woyamba kukhala ndi ntchito, mkwiyo ndi nthabwala zake. Kukana kunali kumupha Oda ndi manja ake, n'kubwerera ku mafoni. Kuvomera kunali kuuza mtsikana aliyense wa pa njinga amene ankamulembera makalata kuti adikire kaye achire, kenako mwina wina adzamufuna. Anadziuza kuti ndi sewero chabe, kuti ochita zisudzo amavala mapiko ndi michira tsiku ndi tsiku. Lachitatu anapita kukayesa malamba.

Amuna atatu anamumanga kwa theka la ola. Malamba ankaluma m'khwapa. Zingwe zitakoka, njinga yake inatsala pansi yokha, ndipo wina anaikankhira pambali ndi phazi kuti isatchinge kamera. Shae, mtsikana waulemu amene ankaoneka kuti akufuna pansi patseguke alowemo, anayenda masitepe asanu ndi limodzi pa mzere wa tepi. Kenako mnyamata wa kompyuta analumikiza zithunzi ziwirizo mwachangu n'kutembenuza kanema kuti onse aone.

Pa kanemapo panali mkazi wamtali, wa nkhope ya Kirra, akuyenda monyang'wa pa miyendo ya eni. Anthu anasonkhana. Mayi wodzoza ochita zisudzo, amene kwa zaka zitatu ankagwira nkhope ya Kirra m'mawa uliwonse, anagwira pakamwa.

"Koma abale, Kirra, ndiwe chiphadzuwa! Sitinkadziwa."

Ananena mwachikondi, ndipo ena anavomereza ndi mitu. Kirra, ali lendelende m'mwamba ngati chovala pa chingwe, anamva manyazi amene anali asanawamvepo chichokere ku sukulu, ndipo manyaziwo atadutsa panatsala mkwiyo wozizira bwino. Anapempha kuti amutsitse. Anapemphanso kuti amene anakankha njinga yake ndi phazi aibweze ndi manja.

Sanadikire Lachisanu. Anadutsira ku ofesi ya Fergus malamba akadali m'chiuno.

"Bweretsani achikasuwo."

Mapepala achikasuwo anafika m'mawa mwake, opanda keke. Injini ya chombo igwira moto. Oda atsala m'chipinda cha injini kuti atseke mapaipi. Kaputeni alowa kudzamutenga, Oda akana n'kumuuza chochita kuti anthu onse apulumuke, denga ligwa kumbuyo kwawo, kenako chitsulo chimugwetsa Oda pa njinga. Kaputeni anyamula mtembo n'kuupsompsona pamphumi. Kirra anaseka mpaka kutsokomola. Kupsompsona kunalipo ndithu. Alembi anangofuna kuti mkaziyo ayambe wachoka pa njinga, kaya poimirira kaya pofa.

Anawerenganso tsambalo, ulendo uno ndi maso a ntchito, ndipo anaona kanthu.

Popeza chipinda cha injini sichinkafunikanso Oda akafa, anaganiza zochiotcha zenizeni kuti moto uoneke bwino. Denga linali loti ligwe kamodzi kokha, makamera atatu akujambula, ndipo kunalibe denga lachiwiri. Pa ntchito yotere lamulo ndi lodziwika: moto ukangoyatsidwa, palibe amene amaimitsa kujambula, kaya wina waiwala mawu kaya wayetsemula, kupatula mkulu wa zozimitsa moto akaona ngozi. Kirra ankadziwanso mmene odula zithunzi amagwirira ntchito. Chimene sachifuna amachidumpha poonetsa chinthu china, koma sangadumphe denga limene kampani yaotchera chipinda chonse, ndiponso sangataye mawu amene nkhani yonse yatsamirapo. Mawu a Oda anali oti, "Tsegula chitseko chachitatu, uwerenge mpaka khumi, usabwerere." Denga linkayenera kugwa pakati pa mawu amenewa.

Anamupeza Sefa kuseri kwa galimoto yogulitsa zakudya, akulimbana ndi nsomba ndi tchipisi, ndipo anamuuza zonse. Anamuuzanso kuti popanda chilolezo chake sachita, chifukwa kugwira munthu pakamwa modzidzimutsa si khalidwe, kaya pali kamera kaya palibe. Sefa anasiya kutafuna. Iye ntchito yake inali ikupitirira chaka chamawa, ndipo ankasamala amayi ake ndi theka la mtundu wake.

"Mlongo, anthu awa andidya wamoyo."

"Akudya pang'ono. Popanda kaputeni alibe sewero. Amene akufa ndine."

"Nanga akafunsa ngati ndinkadziwa?"

"Udzanene kuti ndinakukoka. Aliyense amadziwa kuti ndili ndi manja."

Sefa anapukuta zala ndi pepala. Kenako anaulula kuti chaka choyamba anafunsapo chifukwa chake belu limalirira Oda yekha, anamuyankha moseka, ndipo iye anasekera limodzi n'kusiya. Anati chinthu chimenecho chakhala chikumudya.

"Sindidzanena kuti unandikoka," anatero. "Ungondiuza, ndigwade bondo liti?"

Tsiku lojambula linafika patatha milungu iwiri. Anayeserera kasanu popanda moto, ndipo kasanu konse Kirra anachita ndendende zolembedwa, wofatsa ngati mwana wa sukulu ya Sande. Sefa anangopempha kuti azigwada polankhula naye kuti nkhope zifanane msinkhu, ndipo wotsogolera kujambula anavomera chifukwa zinkamuchepetsera ntchito. Mawilo a njinga anali pa tizidutswa tiwiri ta tepi yofiira. Mkulu wa zozimitsa moto, mayi wa mawu ngati bingu, anamuuza Kirra kuti asasunthe pa tepiyo ngakhale pang'ono, ndipo Kirra analonjeza ndi mtima wonse, chifukwa zimene ankafuna kuchita sizinkafuna kusuntha.

Cha m'ma 3 koloko masana anayatsa. Moto unakwera m'makoma ndi mkokomo, kutentha kunamumenya kumaso, utsi unayamba kuyabwa m'maso. Sefa analowa akuthamanga, anafuula mawu ake, n'kugwada. Kirra anakweza maso. Anaona nyale yaing'ono ikuthwanima pakona, chizindikiro choti denga latsala masekondi atatu.

"Tsegula chitseko chachitatu," anatero Oda. "Uwerenge mpaka khumi."

Anamugwira kaputeni pa kolala n'kumukokera kwa iye. Sikunali kupsompsona kwa pamphumi, kapena kwa munthu wotsanzika m'chipatala. Kunali kwa mkazi amene wadikira zaka zitatu ndipo watopa. Denga linagwa kumbuyo kwawo, zitsulo ndi malawi zili mbwee, ndipo awiriwo sanatembenuke. Kenako Oda anasuntha milomo pang'ono chabe, osasiya kolala, n'kumalizira mawu ake pakamwa pa mwamunayo.

"Usabwerere."

Palibe anaimitsa. Kaputeni anadzuka n'kuthamanga monga zinalembedwera, makamera anapitiriza, mpaka mayi wa zozimitsa moto uja anafuula kuti azimitse. Madzi ndi thovu zitatha, m'nyumbamo munali zii. Mayi wodzoza uja anali atagwiranso pakamwa.

Fergus anali kuseri kwa makanema oonerapo. Anafunsa wojambula woyamba ngati ali ndi mbali imene kupsompsonako sikukuoneka. Analibe. Wachiwiri anati iye anauzidwa kutsata nkhope, ndipo anatsata nkhope. Wachitatu, amene anajambula chipinda chonse, anati denga lagwa mokongola kwambiri, ndipo pansi pake pali mkazi pa njinga akupsompsona mwamuna, ndiye asankhe okha. Fergus anabwera kwa Kirra akuponda m'madzi.

"Ukudziwa chimene wachita? Wandibera sewero langa."

"Mawu onse ndanena. Pa tepi sindinasunthe."

"Ndikhoza kudula."

"Dulani. Koma kuti mupeze podula muonera kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse muziona kuti palibe chavuta."

Anatembenuza njinga n'kupita kukasamba mwaye. M'bafa yekha analira kwambiri, chifukwa Oda anali atapita, ndipo ankamukonda mkazi ameneyo. Tsiku lotsatira anabweranso kudzagona pansi ngati mtembo, Sefa n'kumupsompsona pamphumi, ndipo ntchito inathera pomwepo. Phwando lotsanzikana limene ankachitira aliyense wochoka, iye sanamuchitire.

Gawolo linaulutsidwa mu Ogasiti. Odula zithunzi anayesetsa ndithu. Pa masekondi asanu ndi anayi anasiya anayi, anawonjezera utsi wa kompyuta cha m'munsi kuti mawilo asaoneke kwambiri, koma mawilo ankaonekabe. Dermot anaimirira pakati pa chipinda n'kukuwa ngati timu yake yagoletsa, ana anabisa nkhope m'mapilo chifukwa cha manyazi, ndipo foni ya Kirra inalira mpaka batire kutha. Ena analemba kuti zinali zosafunikira. Ena analemba zinthu zimene Kirra ankawerenga kamodzi n'kulephera kubwereza chifukwa cha misozi. Akuluakulu a wailesi anauza atolankhani kuti amanyadira kulimba mtima kwa alembi awo.

Ntchito sinabwere. Mbiri inali itayenda m'makampani kuti Kirra Vella ndi wovuta, sachita zolembedwa. Mu Okutobala anabwerera ku mafoni a inshuwalansi, masiku atatu pa mlungu, ndipo nthawi zina woimba ankazindikira mawu ake n'kufunsa ngati ndi Oda. Ankayankha kuti Oda anafa, n'kupempha nambala ya galimoto.

Chakumapeto kwa Novembala, pa nthawi ya chakudya chamasana, bambo amene ankamufunira ntchito za zisudzo anaimba. Anati wapeza kanthu, kakang'ono koma ndi poyambira: sewero la m'chipatala, magawo awiri, mayi wolumala amene wagonekedwa. Anamupempha mwaulemu kuti ulendo uno asavute, chifukwa zitseko zotseguka zatsala zochepa. Kirra anayang'ana sangweji yake, n'kuyang'ana mzere wa matebulo ndi mafoni umene unkamudikira. Ankaifuna ntchitoyo kwabasi.

"Mayiyo alipo amene amamufuna?" anafunsa.

"Amene amamusamala? Pali namwino wina wachifundo kwambiri."

"Sindinati kumusamala. Ndati kumufuna."

Bamboyo anapumira m'mwamba. Anati sakudziwa, sanawerenge ndi maganizo amenewo, ndipo mwina si funso loti munthu amene ali pa mavuto ngati ake azifunsa.

"Tsegulani mapepalawo muone," anatero Kirra. "Ndidikira."